Tebulo Limene Dufie Anakaniza Mwana Wake

Mukafunsa za Maame Dufie mumsika waukulu wa Kumasi lero, akuuzani kuti ndi mayi uja anakaniza mwana wake tebulo. Amanena zoona, koma amalekeza panjira. Ine ndine Konadu, ndipo tebulo langa lagundana ndi lake zaka makumi atatu ndi zinayi mumzere wa nsomba zamchere. Zimene ndikunenazi si zam'maluwa. Ndimadziwa ngakhale tsiku limene bondo lake layamba kuwawa, chifukwa tsiku limenelo amakhala chopendekera n'kundilanda mthunzi.

Tebulo lakelo sanagule. Analandira kwa mayi ake, mayi akewo kwa mayi awo, poti kwathu malo a pamsika amatsata bere. Dufie anakulira pansi pa tebulo lomwelo, sukulu anailekeza kalasi yachinayi, ndipo pofika zaka khumi ndi zisanu ankatha kudziwa ndi mphuno yokha ngati momoni, nsomba yogonetsa mumchere ija, yachokera ku Elmina kapena ku Moree. Anakwatiwa ndi kalipentala wofatsa amene anamwalira msanga. Anabereka ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi, Pokuaa. Aliyense ankadziwa kuti tebulo likudikira Pokuaa.

Koma si nsomba zimene zinamutchukitsa. Nsomba zake zinali ngati zathu tonse. Chimene anali nacho ndi diso. Munthu akapeza mpamba n'kufuna kuyamba geni, anzake ankamuuza kuti ayambe waonana ndi Dufie, ndipo iye sankalipiritsa. Ukamugulira kenke, nsima yowawasa yokulunga m'makoko a chimanga, ndi tsabola, basi zakwana.

Ndikukumbukira tsiku limene anabwera aphunzitsi ena opuma pantchito, a Oduro, atavala tayi dzuwa lili pamutu. Ankafuna kuyamba kugulitsa madzi a m'timapepala. Anabwera ndi kope lodzaza ndi mizere yojambula ndi rula.

"Aphunzitsi, kopelo ikani m'thumba," anatero Dufie. "Nsapatozo n'zoyendera? Tiyeni. Konadu, nawenso tiye, uone mmene ophunzira amaphunzirira."

Anatitengera kumzere wa matimati n'kuuza a Oduro kuti agule mulu umodzi. Asanatsegule n'komwe pakamwa, amayi anayi anali atawagwira kale malaya.

"Amuna anga, bwerani kuno!"

"Musamumvere uyo, ake ndi adzana! Bwana wokongola, onani awa!"

Anagula mulu wa matimati asanu, basela n'kupatsidwa atatu. Anabwerera akumwetulira ngati apambana chisankho.

"Anthu abwino bwanji," anatero.

"Abwino chiyani? Ali ndi njala," anayankha Dufie. "Mkazi wokhuta sangakutchuleni mwamuna wake musanamupatse n'komwe moni. Mwaona baselayo? Phindu lake lonse mwanyamula inuyo m'thumbamo."

Kuchoka apo tinapita kuseri kwa msika, kumene mkulu wina wochokera kumpoto, Baba Seidu, ankanola mano a chigayo. Tinaima pamenepo nthawi ndithu. Sanadzutse mutu.

"Ngati mulibe mano onoletsa, musanditchingire kuwala," anatero, osayang'ana n'komwe tayi ija.

A Oduro anapsa mtima. Dufie anaseka mpaka kugwira bondo.

"Mwamumva? Ndalama ili apa. Koma mwano wokha si umboni, aphunzitsi. Pali mwano wa wokhuta ndi mwano wa wotopa. Muzifunsa chimene chikumulola kuchita mwanowo. Odziwa ntchito iyi m'tauni muno alipo atatu. Kuti muiphunzire mutaya zaka ziwiri ndi chala chimodzi. Mwini chigayo sangadikire mawa, ndipo palibe chinthu china chonolera. Nanga madzi anuwo? Aliyense wokhala ndi beseni ndi mutu wosenzera angayambe mawa m'mawa."

A Oduro anathokoza mwaulemu, n'kukayamba geni ya madzi yomweyo. Inatha mvula yoyamba itangogwa.

Umu ndi mmene ankagwirira ntchito. Ankayamba ndi basela, kenako mafunso ake amene tonse tinawaloweza chifukwa chowamva kawirikawiri. Okupikulitsa katunduyo alipo angati, ndipo akakwiya upita kwa yani? Wogula akakukana, ayenda mapazi angati kuti apeze mnzako? Pakhomo polowera pali chitseko? Anthu atasowa chinthu chakocho angalire, kapena angodya china? Nkhani ikakhala yaikulu ankatenga kampando n'kukakhala pakona ya mzere umene akuufufuzawo masiku asanu ndi awiri, osalankhula ndi munthu, kungoona olowa ndi otuluka. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkati ndi ulesi wovala duku, koma nsomba zake ndinkamugulitsira.

Masiku amenewo ifeyo tinali amwano, ndipo ndikunena monyadira. Mumzere wathu tinalimo asanu ndi atatu okha. Mfumukazi ya mzere, Nana Gyamfua, inali ndi chitseko cholimba, moti mlendo sankapeza tebulo ngakhale abwere ndi m'busa wake. Amayi a kugombe ankabweretsa nsomba kwa ife tokha. Amayi a m'malesitilanti ankaima pamzere kutidikira timalize kudya. Wina akapempha basela tinkamufunsa ngati nyanja ndi ya atate ake.

Zinthu sizinagwe tsiku limodzi. Kunayamba kubwera timibulu tokometsera ndiwo tija, totchipa, tosanunkha m'chikwama, ndipo atsikana a masiku ano anayamba kunena kuti momoni ndi fungo la kumudzi. Kenako mashopu a mafiriji anadzaza ndi nsomba ndi nkhuku zoundana. Kenako mafoni: mayi wa lesitilanti amangoimbira wa kugombe, dengu n'kubwera pabasi, ife osaliona n'komwe. Kunyanjako nsomba zinachepa, amayi a kugombe n'kuyamba kutiuza mtengo m'malo moti tiwauze ife. Nana Gyamfua atamwalira, wolowa m'malo mwake anali wamtima wabwino, zimene pamsika ndi matenda. Tinafika khumi ndi anayi.

Tsiku lina ndinadzimva ndekha ndikuitana kamtsikana kena kovala mawigi kuti, "Mwana wanga wokongola, bwera ndikuwonjezere." Dufie anangonditembenukira n'kundiyang'ana. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa dzanja lili mumphika. Sabata isanathe ndinamuona nayenso akuponya kachidutswa kowonjezera m'pepala la kasitomala, mwachangu, ngati akubisa. Ndinatsokomola. Sanandiyang'ane.

Chaka chomwecho Pokuaa anabwerera kuchokera ku Obuasi. Mwamuna wake, dalaivala wa takisi, anali atamwalira, n'kumusiyira ana awiri ndi galimoto yakutha. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Dufie anali atapitirira makumi asanu ndi limodzi, bondo likukana, ndipo panalibe chokambirana. Mayi watopa, mwana wamkazi wabwera, tebulo lilipo. Ena anali atayamba kale kufunsa tsiku la phwando lopatsirana.

"Ndipatse masiku asanu ndi awiri," Dufie anauza mwana wake.

Anatenga kampando kaja n'kukakhala pakona ya mzere wathu womwe. Zinandiwawa, ndisaname. Zaka zonsezo ankaweruza mizere ya ena, tsopano akutiwerenga ife ngati mbuzi za pamsika. Anzathu ankamuseka.

"Dufie, wasochera? Tebulo lako ndi ilo!"

"Musiyeni, akufufuza ngati tili anthu!"

Iye ankangowerenga odutsa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ananyamula kampando kake, n'kudzakhala pambali panga.

"Mzere uno wafa, Konadu," anatero. "Ukungoyenda chifukwa sunauzidwe."

"Ndiye utani?"

"Sindimupatsa."

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, banja linakhala pansi kunyumba kwa a Boakye, mlongo wake wa Dufie, amene ndi malume a Pokuaa. Anandiitana monga mnzake wa mayiyo. A Boakye anayamba mofatsa.

"Chemwali, tebulo limenelo si lako wekha. Amayi anakusungitsa. Ukamukaniza mwanayu, anthu atiyesa chiyani?"

"Achimwene, amayi anandisiyira munda wobereka. Ine ndimusiyire mwana wanga thanthwe chifukwa choopa pakamwa pa anthu? Ndakhala pakona paja sabata yathunthu. Mwa anthu khumi olowa mumzeremo, asanu ndi mmodzi amangodutsa popita kwa a mafiriji. Otsalawo amafunsa matebulo anayi asanagule. Ophika a m'malesitilanti amene amabwerabe kwa ine atsala asanu, onse a msinkhu wanga. Akamwalira, ana awo aziimba foni kugombe. Akabwera mwana wa munthu wina kudzandifunsa, ndimuuza kuti athawe. Wangayu ndimunamize?"

Pokuaa anali atakhala pambali, manja ali pamiyendo. Apa anadzutsa mutu.

"Chabwino, Amayi. Anthu onse mumawauza kopita. Ine ndipite kuti?"

"Mafiriji amene akutiphawo amawonongeka. Owakonza ndi ochepa, ndipo ndi amwano onse. Pali mayi wina ku Suame amene amaphunzitsa, ndalankhula naye kale. Zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri ana anga azidya chiyani? Masikuluu?"

"Azidya kwa ine."

"Ndi msinkhu uno ndibwerere kudya m'mbale mwanu, ndikumapempha ya sopo? Inu munalandira tebulo muli ndi zaka makumi awiri. Agogo anakhala pakona masiku angati asanakupatseni?"

A Boakye anayang'ana kwa ine kuti ndithandize, koma ndinangoyang'ana pansi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mumtima ndinkadziwa kuti Dufie akunena zoona, komanso ndinkafuna kumuwomba mbama. Mwanayo sankafunsa ngati geni ili ndi phindu. Ankafunsa ngati ali ndi malo kwa mayi ake, ndipo mayiyo ankamuyankha ndi chiwerengero cha odutsa.

Pokuaa ndi mwana wa mayi ake, mutu womwewo. Anagulitsa galimoto yakutha ija, n'kupita kwa mfumukazi yatsopano. Mayi wina, Maame Afra, anali akusiya geni chifukwa cha zomwe zomwezo zimene Dufie ananena, ndipo tebulo lake linali moyang'anizana ndi la Dufie, mapazi atatu okha. Pokuaa analitenga. Lolemba m'mawa anafika ndi madengu awiri, anapatsa moni mzere wonse mmodzimmodzi, ine ndemwe, n'kudumpha mayi ake.

Masabata atatu otsatirawo anali oipa. Pokuaa ankaitana aliyense wodutsa ndi mawu okoma, basela akuthira ndi manja awiri. Nthawi iliyonse akawonjezera chidutswa, ndinkamva Dufie akupuma mokoka ngati wapondedwa chala. Ophika asanu aja ankabwerabe kwa Dufie, kugula madengu athunthu Pokuaa akuona. Madzulo mwanayo ankalongedza nsomba pafupifupi zonse zimene wabwera nazo. Ndinamuona tsiku lina akudya chinangwa chokazinga chokha masana, atatembenukira kukhoma.

Lolemba lachinayi Dufie anafika wopanda dengu. Anapukuta tebulo lake bwinobwino, anayala pepala, n'kutulutsa m'chikwama nsomba imodzi. Anaiika pakati, n'kukhala pansi.

Woyamba kufika anali Maame Ataa, wa lesitilanti ya pafupi ndi siteshoni, kasitomala wake wa zaka makumi awiri.

"Dufie, katundu sanafike?"

"Wafika. Ndi ameneyu."

"Imodzi?"

"Imodzi. Masedi mazana asanu."

"Wapenga kodi? Ndalama imeneyo ndigula dengu lonse!"

"Ndiye kagule dengu kwa amene ali nalo. Usanditchingire mphepo."

Maame Ataa anaima manja m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku. Dufie sanaloze ndi chala. Anangotukula mlomo pang'ono cha kutsidya, n'kuyamba kuthamangitsa ntchentche. Mayiyo anawoloka mapazi atatu aja akung'ung'udza. Pofika Lachinayi anayi anali atawoloka, koma wachisanu anayamba wayesa kuima pa tebulo langa.

"Ukangomugulitsa, ndikudula khutu," anandinong'oneza Dufie.

Ndinamuuza mayiyo kuti nsomba zanga zalonjezedwa kale. Dengu lathunthu linandipita choncho, ine wamasiye ngati iwo omwe, ndipo mpaka lero ndimamukumbutsa.

Mfumukazi inabwera kudzaona. Inati tebulo losagulitsa liyenera kuperekedwa kwa wina, poti ofuna malo ndi ambiri.

"Nana, lamulo limati chiyani?" anafunsa Dufie. "Mwini tebulo akhalepo, alipire chiphaso cha tsiku, pa tebulo pakhale nsomba. Ndilipo, chiphaso ndi ichi, nsomba ndi iyi. Lamulo linatchula kuti zingati?"

Mfumukazi inayang'ana nsomba ija, inayang'ana kutsidya, n'kumapita.

Masana a tsiku limenelo, kutachepa anthu, ndinamufunsa.

"Ngati wasintha maganizo, bwanji osangomupatsa tebulo lakoli n'kukapuma kunyumba? Bondo likukupha."

"Sindinasinthe maganizo. Mzere uno wafa ndithu. Koma walowamo kale, ndipo galimoto yapita." Anasisita bondo lija. "Ndikamupatsa langali, lakelo litengedwa ndi wina. Ndikapita kunyumba, langali litengedwa ndi wina. Ofuna kutaya penshoni satha, Konadu. Abwera, atsitsa mtengo, aonongera aliyense, chaka chikatha apita, kubwera wina. Tikhalabe khumi ndi anayi. Amayi a kugombe sindingawalamule. Timibulu sindingatiletse, mafoni sindingawathyole. Pa zonse zimene zikumudya mwana wanga, chimene chili m'manja mwanga ndi wogulitsa mmodzi yekha, ineyo. Ndikakhala pano, muli khumi ndi atatu."

"Ndiye apulumuka?"

"Ayi. Zaka zitatu, mwina zinayi. Mwana wake wamkulu uja adzakhala atamaliza sekondale."

"Umuuze, nanga. Akuyesa wakhalira pano kuti uzimuonerera akugwa."

"Ukamuuza, awabweza ophikawo. Ndimamudziwa, ndinamubereka ndine."

Choncho anakhala. Ana ake aamuna amamutumizira kangachepe, chipinda chimodzi cha nyumba yake anaikamo wa lendi, ndipo m'mawa uliwonse amakwera minibasi ndi bondo lakelo kudzakhala kuseri kwa nsomba imodzi kuyambira mamawa mpaka madzulo. Obwera kudzafunsa nzeru za geni anachepa. Ndani angafunse nzeru kwa mayi wogulitsa nsomba imodzi? Ana a mumsika anamupatsa dzina loti Maame Imodzi, ndipo amayankha.

Patatha miyezi isanu, nsomba ija inali itasanduka chinthu china. Mchere unayera pamwamba, m'mphepete munamera nkhungu, ndipo ngakhale ntchentche zinaileka. Ndinamuuza kuti agule ina. Anati akagula kwa ine anthu aziti tikugwirizana, akagula kwa wina ndiye kuti akudyetsa mdani wa mwana wake.

Tsiku lina masana, mzere uli zii, ndinaona Pokuaa akuimirira. Anasankha nsomba imodzi m'dengu lake, yaikulu bwino, n'kuwoloka. Aka kanali koyamba kuponda mbali yathu. Anaima patsogolo pa mayi ake, maso ali pa tebulo.

"Amayi, chinthu chanuchi chikuthamangitsa makasitomala a mzere wonse."

Anachotsa yakaleyo ndi zala ziwiri, anaika yatsopano pakati pa pepala, anaiwongola kuti iyang'ane kunjira, n'kubwerera kwake. Dufie anakhala akuyang'ana nsombayo nthawi yaitali, kenako anandipempha madzi akumwa. Ine ndinalira poyera, ndilibe nazo manyazi.

Kuyambira pamenepo, kumayambiriro kwa mwezi uliwonse Pokuaa amawoloka ndi nsomba yatsopano. Ophika aja sanawabweze. Moni wa pamsika sanayambebe kupatsana, ngakhale ndamva kuti ana a Pokuaa amakagona kwa agogo awo Loweruka. Tsopano chatha chaka ndi theka. Mwa ophika asanu aja mmodzi anamwalira mwezi wathawu, ndipo mwana wake amaimba foni kugombe.

Dzulo ndinamufunsa Dufie ngati pano, poona mmene mwanayo akulimbikira, sangawonjezereko pa zaka zija.

Anayang'ana kutsidya, kumene Pokuaa anali akukulunga nsomba m'pepala.

"Zatsala ziwiri," anatero. "Undidzutse nthawi ya minibasi ikakwana, bondoli silikufuna kuti ndiimirire ndekha."